Mulungu anabwera atavala vesiti yachikasu

Ndaima pano kuthokoza Mulungu chifukwa cha maso a mayi anga. Koma ndiyambe ndaulula kaye: anthu amene Iye anawatuma, ine ndinkawanyoza.

Amayi amakhala kwathu ku Chiradzulu. Ng'ala inayambira diso lakumanzere. Poyamba ankadandaula kuti m'nyumba muli utsi, ife n'kumaseka poti moto unali usanakolezedwe n'komwe. Kenako anasiya kusoka. Anasiya kusankha mpunga, chifukwa timiyala sankationanso. Diso linalo litayamba kuyera, anasiya ngakhale kupita ku Mvano, iwo amene kwa zaka zambiri sankajomba, mvula kaya dzuwa. Bulauzi yawo yoyera inangopindidwa m'sutikesi. Mwana wanga wamkazi ndiye anasanduka ndodo yawo, kuwatsogolera kubafa ndi kuchimbudzi, masiku ena mpaka kujomba kusukulu.

Tinayesa zambiri. Magalasi apamsika tinagula. Madzi a zitsamba tinawadontheza m'maso, zimene lero ndikuchita nazo manyazi. Usiku ndinkagwada n'kukumbutsa Ambuye za Bartimeyo wa ku Yeriko, kuti monga anam'chitira uja achitenso kwa mayi anga, pompopompo. Ndinali nditamulembera kale Mulungu njira yoti ayendemo.

Lamulungu lina analengeza kutchalitchi kuti a Lions Club abwera ndi madokotala kudzapima anthu maso mwaulere pasukulu ina yapafupi. Ine ndinati toto. Ndinali nditamva kuti amenewa ndi mabwana a m'tauni ongodyera limodzi m'mahotela, ndipo ena ankanong'ona kuti n'zausatana. Mukudziwa mmene timachitira ife: chinthu chikangokhala chaulere, timayamba kuchifunira nyanga. Amayi anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Mwanawe, wosaona ndine. Unditengere konko."

Tinapita pakabaza. Zimene ndinaona kumeneko zinanditseka pakamwa. Bambo wina wonenepa bwino, wovala vesiti yachikasu, ankasenza mabenchi thukuta lili kamukamu. Mayi wina ankalemba maina, n'kumafunsa agogo aliyense mofatsa, kubwereza katatu kwa amene samva bwino. Nsapato ya amayi itavuka, bambo uja anawerama n'kuwaveka, ati, "Pepani amayi, pondani apa." Pambuyo pake ndinamva kuti palibe amene amawalipira. M'malo mwake iwo ndi amene amasonkha m'matumba mwawo, ndipo zina amazipeza popempha kwa anzawo amalonda. Loweruka lawo lonse linathera pafumbi, pakati pa ife.

Dokotala anaunika maso a amayi ndi katochi n'kunena kuti ndi ng'ala, ndipo imachotsedwa. Anatitumiza ku Blantyre, ku Gulupu, pa Ginnery Corner paja. Mkati mwa chipatala cha Queen Elizabeth muli chipatala cha maso chotchedwa Lions Sight First Eye Hospital. Ndinali nditadutsapo kambirimbiri paminibasi yochokera ku Limbe, osadziwa kuti yankho la pemphero langa lili kuseri kwa mpandawo.

Tili pamzere, bambo wina wa gululi amene anabwera kudzazonda odwala anandifotokozera chiyambi chake. Gululi analiyambitsa Melvin Jones ku Chicago mu 1917. Mu 1925 Helen Keller, mayi amene sankaona komanso sankamva, anaima pamsonkhano wawo waukulu n'kuwapempha kuti akhale omenyera nkhondo anthu osaona. Anavomera, ndipo mu 1990 anakhazikitsa ntchito ya SightFirst, kumene kunachokera dzina la chipatalachi. Ndinachita nthumanzi. Mulungu anagwira pakamwa pa mayi wosaona kutsidya kwa nyanja, mayi anga asanabadwe, kuti tsiku lina mayi wa ku Chiradzulu adzapenye!

Opaleshoni yake sinatenge nthawi. Sanawagoneke tulo, anangochititsa dzanzi disolo. Namwino anandiuza kuti m'diso muli kagalasi kachibadwa kamene kamachita mtambo munthu akamakalamba. Amakachotsa n'kuikamo kena kochita kupanga. Usiku umenewo sindinagone. Ndinapemphera mpaka mawu anandithera, n'kungotsala ndikubwereza dzina la Yesu.

M'mawa anamatula bandeji. Amayi anaphethira, misozi ili chuchuchu, n'kuyang'ana denga, zenera, kenako ine. Anandiyang'anitsitsa nthawi yaitali. Ndinkadikira kuti ayambe nyimbo. Iwo anati, "Iwe, imvi zonsezi zamera liti?" Wodi yonse inafa ndi phwete, ine ndikulira ngati khanda.

Diso lachiwiri analichita patapita miyezi ingapo. Mwana wanga anabwerera kusukulu. Ine si membala wa gululi, thumba langa silingakwanitse, koma ndikangomva kuti akubwera kudera kwathu ndimayenda khomo ndi khomo kuitana agogo amene anangokhala m'nyumba poganiza kuti khungu ndi gawo la ukalamba. Wina akayamba zausatana zija, ndimam'tengera kwa amayi. Mabenchi ndimasenza nawo.

Sabata yatha ndinawapeza pakhonde, bulauzi ya Mvano ili pamiyendo, akusokerera batani. Ndinati ndiwalowetsere ulusi pasingano. Anandimenya padzanja, n'kulowetsa okha. Dzina la Yehova litamandike. Ameni.