Kodi Mlendo Aone Zonse?

Kummwera kwa dziko la India kuli chilumba chachikulu chotchedwa Sri Lanka. Makolo athu anachidziwa ndi dzina lakuti Ceylon, koma dzinali linasinthidwa m'chaka cha 1972. Ndi dziko lotentha, la mvula yambiri, ndipo anthu a maiko akutali amapitako kukapumula. Ambiri a iwo amanyamula buku lowalangiza njira. Bukulo limawauza za thanthwe la Sigiriya, pamene mfumu Kashyapa inamanga nyumba yache. Za kachisi wa ku Kandy, kumene eni dziko amati kuli dzino la Buddha. Ndi za linga la ku Galle, limene analiyamba Apwitikizi, nalikuza Adachi. Koma alipo alendo ena amene amati, "Ife sitifuna zimene aliyense anaona kale. Tipite kumene buku silinatchule, tikaone moyo weniweni wa anthu." Tsono funso ndi ili: kodi munthu wokonza ulendo wotere achita bwino, kapena alakwa?

Tiyambe taganizira za mudzi. Pamudzi pali bwalo, palinso kuseri kwa mpanda. Pabwalo afika aliyense, naona gule, namka kwao. Malo olembedwa m'buku ali ngati bwalo, pakuti eni ache anawakonzeratu, naika mlonda pachipata, natchula mtengo wolowera. Koma malo osalembedwa kawirikawiri ndi pakhomo pa munthu, pamene mai alikuphika ndipo mwana alikusamba. Kumeneko sikulowedwa popanda odi.

Pakati pa chilumbachi pali mapiri ozizira odzala ndi tiyi. Munthu wa ku Scotland, dzina lache James Taylor, anabzala tiyi pa munda wa Loolecondera m'chaka cha 1867, ndipo pamene nthenda inapha mitengo ya khofi, tiyi anafalikira m'mapiri monse. Angerezi anatenga antchito a mtundu wa Atamili kummwera kwa India, nawaika m'nyumba zazitali zogawidwa tizipinda, banja lonse chipinda chimodzi. Zidzukulu zao zambiri zikali m'nyumba zomwezo. Dzikoli litalandira ufulu mu 1948, lamulo la chaka chomwecho linasiya ambiri a iwo opanda dziko lolitcha lao, ndipo otsiriza anawerengedwa monga nzika mu 2003. Inu amene munaonapo minda ya ku Thyolo ndi ku Mulanje mudziwa kulemera kwa dengu pamsana, sindifunika kukufotokozerani.

Mlendo wodutsa m'mapiri amenewa aona minda yobiriwira ndi akazi ovala nsalu zowala alikuthyola masamba. Akakhala kuti atsata buku lokha, limene mwina linatchula mbiri yonseyi m'mizere iwiri, abwerera kwao nanena kuti anaona dziko la mtendere wokhawokha. Munthuyo anaona dengu, koma msana sanauone. Chifukwa chache ine sindivomerezana nao amene amati mlendo asapatuke panjira yolembedwa. Kumwa tiyi zaka zonse osafuna kudziwa dzanja lomthyola si ulemu ai. Ndi ulesi wa mtima.

Komatu taonaninso mnzache wopatukayo. Iye afika pa nyumba za antchito masana, nasuzumira pakhomo, najambula denga lodontha ndi ana opanda nsapato, ndipo dzuwa lisanalowe wabwerera ku hotela. Sanafunse dzina la munthu ngakhale mmodzi. Ameneyu wasandutsa umphawi wa mnzache kukhala gule woonerera, ndipo mwa awiriwa ndiganiza kuti wolakwa koposa ndi iyeyu, popeza woyambayo sanachititse munthu manyazi.

Chotero mlandu suli pa kumene mapazi apita. Uli pa mafunso awiri: kodi waitanidwa, ndipo kodi uli ndi nthawi? Wokonza ulendo wa masabata awiri asankhe malo awiri kapena atatu, osati khumi, chifukwa munthu wogona usiku umodzi saitanidwa ndi wina aliyense. Aphunzire moni wa eni dziko: Asinhala amati ayubowan, Atamili amati vanakkam. Adziwe kuti tsiku limene mwezi uli wathunthu, lotchedwa Poya, ndi lopatulika mwezi uliwonse, ndipo mowa sugulitsidwa. Adziwe kuti m'kachisi alowa wovula nsapato, wophimba mapewa ndi maondo, ndi kuti kufulatira fano la Buddha pojambulitsa ndi chipongwe. Zimenezi si zazing'ono: mu 2014 mai wina wa ku Britain anabwezedwa kwao chifukwa anali ndi mphini ya chithunzi cha Buddha pamkono. Ndipo akafuna kufika kwa othyola tiyi, apite ndi munthu wa komweko amene wapempheratu, adye chimene ampatsa, ndipo chojambulira chikhale m'thumba kufikira mwini nyumba atalola.

Patsala mfundo imodzi yolimba. Kugombe la kummwera, pafupi ndi Koggala, asodzi amakhala pa mitengo yozikidwa m'madzi nawedza nsomba zazing'ono. Poyamba anali kufuna ndiwo basi. Alendo oyamba kuwaona anakondwa, nauza anzao, ndipo zithunzi zao zinalowa m'mabuku. Tsopano ambiri amakwera pamtengopo akaona galimoto la alendo laima, nalandira ndalama ya chithunzi. Alendo ena amadandaula kuti zimenezi ndi zachinyengo, koma kudandaula kumeneku n'kosayenera. Msodzi ali ndi ana ofuna chakudya ndi makope a kusukulu, ndipo ngati chithunzi chilipira koposa nsomba, wasankha monga akadasankhira munthu aliyense. Anasintha ntchito yache ndi alendo omwewo amene anadza kudzafuna "moyo weniweni". Motero mlendo amene walandiridwa bwino pamudzi wosalembedwa m'buku, asanafike kwao ndi kulengeza dzina la mudziwo, ayambe wafunsa eni ache ngati afuna kuti anthu zana limodzi am'tsate pambuyo. Ena adzavomera chifukwa afuna malonda, ndipo ena adzakana.