Mfundo zisanu kwa wachinyamata wolakalaka kukatumikira kunja

Pa Chiweta, pamene msewu wa M1 umatsika chitunda n'kufika m'mbali mwa nyanja, pamadutsa malole a malasha, maminibasi a ku Karonga, komanso achinyamata ochokera kutsidya la nyanja, atabereka zikwama zazikulu, ena akukadzipereka m'sukulu ndi m'zipatala. Ife a mumpingo tikawaona, mtima umafunsa: nanga ife tidzapita liti? Funsoli si loipa. Koma tisanamange katundu, phiri la Khondowe, pamene pali mishoni ya Livingstonia, lili ndi zotiphunzitsa.

1. Nafenso tili ndi choti tipereke. Tinazolowera kuganiza kuti wodzipereka ndi mzungu, ife ndife olandira basi. Kodi ndi zoona? Mu 1876 William Koyi, mnyamata wachikuda wa ku sukulu ya Lovedale ku South Africa, anadzipereka kubwera kuno pamodzi ndi anzake atatu. Patapita zaka, Livingstonia nayo inatuma ake. David Kaunda anapita ku Chinsali, m'dziko lomwe lero ndi Zambia, kukaphunzitsa ndi kulalikira pakati pa Abemba, ndipo mwana wake Kenneth anadzakhala mtsogoleri woyamba wa dzikolo mu 1964. Dera lino linakhalapo lotuma anthu, ndipo likhoza kutumanso.

2. Pemphero liyende ndi luso. Dr Robert Laws, mmishonale wa ku Livingstonia, anayamba ndi ntchito yopala matabwa ku Aberdeen, kenako n'kuphunzira zaubusa ndi zaudokotala. N'chifukwa chake sukulu ya Overtoun, yomwe anaitsegula pa Khondowe mu 1894, inkaphunzitsa Baibulo pamodzi ndi uphunzitsi, ukalipentala, kumanga ndi kusindikiza mabuku. Nanga ife, tikamathawa masamu n'kumati "Mulungu achita", tikufuna kukapereka chiyani kumene tikupitako? Mayi amene mwana wake watentha thupi usiku amayamikira pemphero, komanso amafuna munthu wodziwa kuyeza malungo. Kukhala pansi n'kuwerenga mpaka nyali kuzilala ndi utumikinso.

3. Mlendo ayambe ndi kumvetsera. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo komweko kamatema ngati mwini wake ndi wopupuluma. Koyi anatha kukhala pakati pa Angoni a M'mbelwa ku Njuyu chifukwa chinenero chake chinali chofanana ndi chawo, ndipo ankamva zimene mafumu ankadandaula. Ngakhale pompano timaziona. Munthu wa kumwera akafika pogula usipa n'kupereka moni m'Chitumbuka, amayi ogulitsa amamwetulira, mwina n'kumuikira kabasera. Wofika ndi mayankho asanamve mafunso amabwerera ali mlendobe.

4. Zipatso zimachedwa, tisafooke. Zithunzi za pa Facebook zimaonetsa ana akumwetulira, sizionetsa kusungulumwa kapena malungo. Mishoni ya Livingstonia inayambira ku Cape Maclear mu 1875. Kumeneko amishoni anaika anzawo m'manda, mmodzi wa iwo Shadrach Mngunana, amene anabwera ndi Koyi. Munthu woyamba kubatizidwa, Albert Namalambe, anabatizidwa mu 1881, chaka chomwe mishoniyo inasamukira ku Bandawe. Koyi naye anamwalira mu 1886, asanaone mpingo waukulu umene tikuudziwa lero. Kodi anthuwa analephera? Chipatala cha David Gordon Memorial ndi University of Livingstonia, yomwe inatsegulidwa mu 2003, zikuyankha. Timadzala ife, okolola mwina adzakhala adzukulu.

5. Utumiki umayambira pakhomo. Pasipoti sisintha khalidwe la munthu. Amene amazemba kusesa m'tchalitchi kwawo sadzasanduka wakhama chifukwa wakwera ndege. Tisanaganize za Glasgow kapena Johannesburg, tiyang'ane pafupi: gogo amene alibe womutungira madzi, mwana wa Sitandade 8 amene tizigawo tamusokoneza mayeso ali pafupi, banja la wogwira ntchito mumgodi wa Mchenga amene wagona m'chipatala. Awa safuna visa kuti tiwafikire.

Tsono, abale ndi alongo, tiyeni tilote maloto aakulu, tilembe makalata opempha mwayi, tipemphere kuti makomo atseguke. Koma pamene tikudikira yankho, Loweruka likubwerali tisankhe munthu mmodzi m'mudzi mwathu, tipite tikamuthandize.