Mwala wa Apophis ndi mantha a tsiku lomaliza

Pa 13 Epulo 2029, Lachisanu la sabata yachiwiri ya Pasaka, chimwala chotchedwa Apophis chidzadutsa pafupi ndi dziko lapansi, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 32,000 okha. Kukula kwake n'kopitirira mamita 300. Ku Thambani, kumene usiku kumada bii, anthu adzatha kuchiona ndi maso ngati nyenyezi yoyenda, kukapanda mitambo.

Chitapezeka mu 2004, akatswiri adaopa kuti chingadzagunde dziko. Mu 2021 a bungwe la NASA, atachiyezanso, adati ngoziyo palibe kwa zaka 100 zikubwerazi. Ndipo mwala kugwa kuchokera kumwamba si zachilendo kuno: mu 1981 udagwa ku Machinga wolemera makilogalamu oposa 90, anthu n'kupitiriza kulima.

Komabe sadzasowa aneneri olengeza tsiku lomaliza, mbale ya chopereka ili m'manja. Mkhristu akumbukire Mateyo 24:36, pomwe Ambuye Yezu akuphunzitsa kuti tsikulo ndi chinsinsi cha Atate, chobisika ngakhale kwa angelo. Wogulitsa mbuzi kapena munda wa manachesi chifukwa cha mantha adzadzuka pa 14 Epulo ana akulirira phala, mneneri uja atazimitsa foni.