KODI MLENDO NDANI?

Palibe munthu amene sanacitepo mantha poona cinthu cacilendo. Mwana amabisala kumbuyo kwa amace pamene munthu wosadziwika afika pakhomo, ndipo sitimdzudzula ai. Tsono mantha otere asanduka coipa pa nthawi iti? Tiyeni tifufuze funso ili m'sewero lina la pa wailesi yakanema ya ku America.

Sewerolo ndi gawo limodzi la Star Trek, lochedwa The Devil in the Dark, limene analemba Gene L. Coon, ndipo linaonetsedwa koyamba m'caka ca 1967. Nkhani yace ndi yopeka. Pa dziko lina lakutali, la pakati pa nyenyezi, lochedwa Janus VI, anthu anakumba mgodi. Atafika pansi kwambiri, cirombo cosadziwika cinayamba kupha anchito, kufikira anafa 50. Cinali kupyola m'thanthwe monga munthu ayenda pabwalo. Pamenepo eni mgodi anaitana Kirk, mkulu wa combo ca Enterprise, kuti adzaciphe.

Kirk ndi mnzace Spock anacilasa nacivulaza. Koma pamene Kirk anakomana naco kaciwiri, anaona kuti sicirikumuukira, ndipo nayenso analeka kuombera. Spock, amene anali ndi mphamvu yakumva maganizo a colengedwa cina pocikhudza, anaika manja ace pa ico, ndipo zonse zinaululika. Dzina lace linali Horta, ndipo cinali mai. Pakatha zaka 50,000 mtundu wonse wa Horta umafa, natsala mmodzi yekha wakusunga mazira. Miyala yobulungira imene anchito anali kuswa ndi kutaya, poyesa kuti iri yopanda pace, ndiyo inali mazira ace.

Tisafulumire kutsutsa anchito aja cifukwa ca mantha ao. Anzao anafadi, ndipo munthu amene waika mnzace m'manda sangauzidwe kuti asaope. Colakwa cao cinali cakuti pa masiku onse aja palibe mmodzi anafunsa kuti, "Kodi ife tacicita ciani colengedwa cimeneci?" Anawerenga maliro ao okha, osadziwa kuti tsidya linalo kunalinso maliro. Mantha asanduka coipa pamene atseka pakamwa pa funso, natsegula dzanja kuti ligwire cibonga. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Kirk anadekha kanthawi pang'ono cabe, ndipo mtundu wathunthu unapulumuka.

Taonaninso ici. Anchito anali kunena za Horta ngati mdani amene walowerera pa malo ao, cikhalireco iye ndi makolo ace anakhala m'matanthwe amenewo anthu asanafike. Obwera anali anthuwo. Umo ndimo ciriri cidani ca pa alendo: munthu akakhala pa malo zaka zowerengeka, aiwala tsiku limene iye mwini anafika ndi mtolo pamutu.

Sewero litha ndi pangano. Sing'anga McCoy atseka bala la Horta ndi samenti, pakuti thupi lace linali ngati mwala. Horta ndi ana ace abvomera kuboola njira m'thanthwe, ndipo anchito apeza miyala ya mtengo wapatali yoposa kale. Onse akondwa. Komatu pano pali msampha umene tiyenera kuuzindikira. Nanga Horta akadakhala wosadziwa kukumba, kodi kukadakhala kololeka kumupha? Ifenso timati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo mwambiwu ndi woona. Koma tikalandira mlendo cifukwa ca kalumo kokha, tidzampitikitsa tsiku limene kalumoko kabuntha. Kirk anatsitsa mfuti yace asanadziwe za phindu liri lonse. Anaona colengedwa cakumva kuwawa, ndipo ico cinali cifukwa cokwanira.

Nkhani iyi ndi yopeka, koma mtima umene iri kuonetsa ndi wa pansi pano. M'mwezi wa May 2008, ku South Africa, anthu 62 anaphedwa pa ciwawa colimbana ndi obwera ocokera ku maiko ena, cimene cinayambira ku Alexandra mu Johannesburg. Ozunzidwawo sanali zirombo za m'thanthwe. Anali anthu ofuna nchito ndi cakudya ca ana ao.

Inu amene mwatsiriza sukulu mudzapita ku migodi ndi ku mizinda, kumene mudzakhala pamodzi ndi anthu a zinenero ndi miyambo yina. Kwina mudzachedwa obwera, kwina mudzakhala eni malo. Mukamva anzanu alikunena kuti anthu akuti-akuti ndiwo atibvuta, musatole mwala msanga. Yambani mwafunsa dzina la munthuyo, kumene wacokera, ndi cimene alikuopa iyeyo.