Kodi mantha angalondere khalidwe la mwana?

Uthenga ukabwera kuchokera kusukulu woti atsikana abayidwe katemera wa HPV, makolo ambiri timafunsana pansipansi kuti: tikamuteteza mwanayu ku matenda obwera pogonana, kodi sitikumutsegulira khomo la chiwerewere? Ofunsa chonchi amafuna kuti ana awo akule odzisunga, ndipo ifenso tikufuna zomwezo. Tiyeni tilingalire pamodzi.

HPV ndi kachirombo kofala kwambiri, moti anthu ambiri amakatenga osadziwa. Kawirikawiri thupi limakagonjetsa lokha, koma kakakhalitsa, patapita zaka 15 kapena 20, kamatha kuyambitsa khansa ya khomo la chiberekero. Mitundu iwiri yokha ya kachiromboka, 16 ndi 18, ndiyo imayambitsa khansayi mwa amayi pafupifupi 70 mwa 100 alionse odwala. Kuno ku Malawi palibe khansa imene imapha amayi ambiri kuposa iyi. Katemerayu anayamba kuperekedwa ku Rumphi ndi ku Zomba mu 2013, ndipo mu 2019 anafika m'dziko lonse kwa atsikana a zaka 9. Amaperekedwa msanga chifukwa amateteza munthu amene sanakumanepo ndi kachiromboko. Amene anakatenga kale samuchiza.

Tikamukaniza mwana katemera kuti aziopa, ndiye kuti taika imfa kukhala mlonda wa khalidwe lake. Kodi kudzisunga koteroko ndi kwake? Mtima woyera umakula ndi malangizo, chitsanzo cha akuluakulu, komanso mwana kudziwa ulemu umene ali nawo. Mantha amagwira ntchito mpaka tsiku limene mwanayo wasiya kuopa, basi.

Komanso maganizowa amaiwala mwamuna. Iye amatha kukhala ndi kachiromboka osamva kanthu, n'kumayenda wathanzi. Mtsikana angadzisunge mpaka tsiku la ukwati, n'kukatenga kwa mwamuna wake yekhayo. Wina amagwiriridwa. Nanga pamenepa chilango tinakonza chija chagwera yani?

Manyazi omwewa ndi amene amaletsa amayi kukayezetsa, chonsecho kuyezako n'kwa kanthawi kochepa. Namwino amapaka viniga pa khomo la chiberekero, ndipo malo amene ayamba kusintha amaoneka oyera. Nthawi zambiri amawatentha ndi kachipangizo tsiku lomwelo, khansa isanayambe. Amayi amene ali ndi HIV ndiwo ayenera kupita msanga, poti chiopsezo chawo n'chachikulu kasanu ndi kamodzi. Koma mayi angapite bwanji ngati akudziwa kuti kunyumba kukumudikira funso loti "Mwazitenga kuti zimenezi?" Abambo tili muno tiganizirepo: mawu amenewo angachedwetse mayi mpaka atayamba kutaya magazi, pamene thandizo limakhala lovuta ndi lakutali.

Pokambirana m'gulu lathu, tifunsane kuti ndi amayi angati m'mabanja mwathu amene sanayezetsepo, ndipo ndani awaperekeze mwezi uno.