Umboni wa Mabuku ndi Umboni wa Miyala

Mwezi uno tikambe za anthu a kum'mawa otsata ciphunzitso ca Buddha, mphunzitsi amene anakhala ku India zaka zoposa 400 asanabadwe Ambuye wathu. Sitifuna kuweruza cipembedzo cao lero, koma tione umo anawacitira umboni anthu ophunzira a ku Ulaya.

M'caka ca 1837 Mngelezi wina, Brian Hodgson, wokhala ku Nepal, anatumiza ku Paris mipukutu yakale ya cinenero ca Sanskrit. Eugène Burnouf anaiwerenga ndi khama lalikuru, nalemba buku lace m'caka ca 1844. Koma iye sanapondako ku India ngakhale tsiku limodzi. Pambuyo pace Rhys Davids, mwana wa mbusa, amene anagwira nchito ya boma ku Ceylon, anayambitsa Pali Text Society m'caka ca 1881, kuti asindikize malembo akale a Cipali. Nchito yao sitiipeputsa ai, inali ya thukuta.

Koma taonani cimene cinaturukamo. Ambiri anayamba kunena kuti cipembedzo ceniceni ca Buddha ndico ca m'mabuku cokha, nzeru yopanda mapemphero ndi zopereka. Ndipo pakuona anthu a ku Kandy alikupereka maluwa pa kacisi wosungiramo dzino limene amati ndi la Buddha, anati, Awa aononga ciphunzitso. Mlendo nakhala wodziwa mudzi koposa eni mudzi! Ifenso lamulo lija la umboni wonama litikhudza pano, pakuti munthu akhoza kunamizira mnzace ngakhale pomtamanda.

Tsono miyala inatsutsa. Pa Sanchi, m'kati mwa India, pali culu cacikuru comangidwa ndi anthu, ndi mpanda wa miyala wolembedwa maina mazana a iwo amene anapereka mphatso. Ndipo ambiri mwa iwo ndiwo amonke, amuna ndi akazi odzipatula, amene ophunzira aja anayesa kuti alibe cuma konse. Gregory Schopen analemba m'caka ca 1991 kuti ophunzirawo anatengera mwambo wa kwao wa Ciprotestanti, wakukhulupirira buku koposa macitidwe a anthu. Mau awa atilasa ife omwe, ana a sukulu. Iye anasonyezanso kuti pa miyala ya malo ena amonke analembetsa kuti mphotho ya copereka cao ipite kwa atate ndi amai ao, ngakhale amene anamwalira kale.