Kodi Chithunzi Chinganame?

M'midzi ya m'tsinde mwa phiri la Chongoni muli chizoloŵezi chakuti ntchito ya kumunda ikatha, chimanga chitaloŵa m'nkhokwe, amuna ena amasonkhana madzulo pakhonde naimba. Palibe woitana, palibenso malipiro. Wina adza ndi banjo yokhoma yekha, ya chigubu cha mafuta ndi nsambo za waya. Wina adza ndi bangwe wakale. Mnyamata avundikira ndowa ya pulasitiki naiyesa ng'oma, ndipo amayi aimirira chapatali naomba m'manja.

Madzulo ena otere kunafika mlendo amene anadzaona zojambula za m'mapanga a ku Chentcherere. Anapempha mwaulemu kuti ajambule oimbawo, ndipo eni ake analola. Itapita miyezi iŵiri, chithunzicho chinafika pa foni ya mphunzitsi mnzanga, ndipo tinanka nacho kwa mkulu woimba bangwe uja. Kukongola chinali chokongola ndithu. Komatu nyale ya sola munalibe, mitundu yonse inali itachotsedwa kuti chioneke ngati cha nthaŵi ya atsamunda, ndipo ndowa ija inali itafafanizidwa pamodzi ndi mwini wake. Mkuluyo anayang'anitsitsa, nafunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga mdzukulu wanga wanka kuti? Popanda iye nyimbo ija sikanayenda."

Ndinasoŵa chowayankha agogowo, ndipo kuyambira tsikulo ndakhala ndilikusinkhasinkha ngati mlendo uja analakwa, ndi pamene panagona kulakwa kwakeko.

Tiyambe ndi kumchitira chilungamo. Palibe chithunzi chimene chimanyamula zonse. Wojambula aliyense amasankha poima, ndipo poloza kamera kumodzi wafulatira kwina. Kuwalitsa nkhope imene mdima wa madzulo unaibisa si bodza ai, pakuti nkhopeyo inalipo, ndipo maso athu anaiona bwino koposa makina. Kudula mphepete mopanda kanthu ndi ntchito yonga ya mlimi wosadza mtengo. Pa izi sindimtsutsa.

Koma kuchotsa munthu amene analikuimba ndi nkhani ina. Ndiganiza kuti mlendoyo anatsika kuphiri mtima wake utadzala ndi zakale, nafuna kuti ifenso tifanane ndi zimene anaona pamiyala. M'dera lathu lino muli malo 127 a zojambula zamakedzana, amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse m'chaka cha 2006. Zofiira anajambula Akafula, zoyera anajambula makolo athu Acheŵa, zina za chinamwali, zina za Nyau. Tsono chimene mlendo sanachizindikire ndi ichi: miyalayo sikuonetsa anthu oima pamodzi osasuntha. Ojambula zoyera anafika pamene panali kale zofiira naonjezapo zawo, ndipo anapitiriza kufikira m'zaka za m'ma 1900. Ngakhale Gule Wamkulu, amene alendo amamuyesa chinthu chosasinthika, analandira Galimoto pakati pa zilombo zake galimoto itafika m'dziko muno. Makolo athu sanachite manyazi ndi nthaŵi yawo. Nanga bwanji ndowa ya pulasitiki ichititse manyazi munthu wongodutsa? Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma chithunzi chake chimatsala, ndipo ana a ana amene ndiwaphunzitsa lero adzachikhulupirira.

Alipo alendo ena amene anachita mosiyana. Hugh Tracey, amene anakhazikitsa International Library of African Music m'chaka cha 1954, anayenda m'dziko lino ndi makina otolera mau m'zaka za m'ma 1950, nalemba maina a oimba ndi malo kumene anawapeza. Gerhard Kubik wa ku Austria anakomana ndi Daniel ndi Donald Kachamba ku Blantyre m'chaka cha 1967, nawajambula alikuimba gitala ndi chitoliro cha m'sitolo, maimbidwe a kwela amene anachokera m'makwalala a ku Johannesburg. Akanafuna Africa wa m'maloto ake akanawapitirira anyamatawo. Sanatero, ndipo chifukwa cha ichi tikudziŵa lero m'mene nyimbo za achinyamata a ku Chileka zinalikumvekera m'masiku aja.

Kufikira apa nkhaniyi ioneka yapafupi, koma pali china chimene chinandisautsa koposa. Tisanatsazike, mkulu uja anatenganso foni naloza paphewa pake, pamene jekete linali long'ambika. Anati, "Popeza makinaŵa achotsa munthu wathunthu, kodi sangasoke apa?" Mnzanga anasoka ndi chala m'kanthaŵi kochepa, ndipo ine, amene ndinali nditangodzudzula mlendo, sindinaletse.

Kodi sindinachite chinyengo? Jekete linang'ambikadi, monganso ndowa inalipodi. Wina anganene kuti ngati choonadi ndicho tifuna, chigamba ndi mdzukulu zonse zibwerere. Ndaliganizira dandaulo limeneli, ndipo sindinganene kuti ndi lopusa, pakuti umphaŵi wa oimba athu ndi mbali ya mbiri yawo, ndipo kuubisa kungapeputse mlandu wa ife amene timavina nyimbo zawo osawapatsa kanthu. Komabe ndiona kusiyana. Mkuluyo akanadziŵa kuti kukubwera kamera, akanavala jekete la pa Sabata. Anangopempha chimene munthu aliyense amachita pomka pagulu, ndipo anapempha pa thupi la iye mwini. Mlendo uja anakonza anthu ena osawafunsa, nawaonetsa kwa anthu akutali amene sangathe kudziŵa chimene chachotsedwa. Chigamba sichinasinthe nyimbo. Kuchoka kwa mnyamata kunaisintha, chifukwa woona chithunzicho adzayesa kuti bangwe analira yekha.

Tinamlembera mlendoyo kupempha chithunzi choyamba chosakonza, koma yankho silinabwere. Loŵeruka lotsatira mnzanga anapita ndi foni yake nawajambulanso. Chithunzi chake nchopendekeka pang'ono, ndipo nkhope zina zilikuoneka mwa chizimezime. Mkuluyo anavala jekete la pa Sabata, nakhazika mdzukulu wake patsogolo, ndowa ili pakati pa miyendo.